Kudya m'kalesitilanti ka banja la ku Vietnam: zoyenera kudziwa musanaitanitse

Chakudya cha ku Vietnam chimafika patebulo chisanathe kukonzedwa. Wophika amachita mbali yake kukhitchini, koma mchere womaliza, kuwawasa, tsabola ndi masamba onunkhira amasiyira inu wodya. Ambiri a ife amene tinakulira nsima ndi ndiwo zokoleretsa kale mumphika timasokonekera pomwepa. Munthu amalandira mbale ya msuzi, pambali pake kambale ka masamba aawisi ndi chidutswa cha ndimu, iye n'kuyesa zokongoletsa tebulo, n'kuzisiya. Potuluka akuti chakudya cha anthu amenewa n'chozizira. Wina amalakwira mbali inayo: tsabola yense, sosi wakuda yense, khuthu mumbale, msuzi umene wachezera pamoto usiku wonse n'kuupha kukoma asanaulawe n'komwe.

Malo ophika zakudya zimenezi mu Harare ndi ochepa, ndipo malesitilanti ambiri a zakudya za ku Asia ali kumpoto kwa tauni, cha ku Avondale, Belgravia, Newlands ndi Borrowdale. Kwa wochokera ku Mufakose, Mabvuku kapena Highfield, umenewo ndi ulendo wa makombi awiri, ndiye ndalama ndi nthawi zisamapite pachabe. Kalesitilanti ka banja kamayenda mosiyana ndi malo akuluakulu. Kukhitchini kumakhala anthu awiri kapena atatu, menyu imakhala yaifupi, ndipo msuzi umaphikidwa mphika umodzi patsiku. Ukatha watha, chifukwa wina sangapse mu ola limodzi. Choncho imbani foni kapena tumizani uthenga pa WhatsApp musananyamuke, mufunse ngati phở, mbale ya msuzi, ma noodles ndi nyama, alipo lero, ndipo mufike masana kusanade. Kwawo phở ndi chakudya cha m'mawa. Kumapeto kwa January mpaka pakati pa February kumagwa Tết, chaka chawo chatsopano, ndipo mabanja ambiri amatseka malonda masiku angapo. Menyu yaifupi isakukhumudwitseni. Ine ndimakhulupirira kwambiri malo okhala ndi zakudya 15 kuposa okhala ndi zakudya 90, chifukwa manja anayi sangaphike zinthu 90 zatsopano tsiku lililonse.

Tiyambe ndi phở yemweyo, popeza ndiye muyeso wa khitchini yonse. Ndi ma noodles afulati a ufa wa mpunga, nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, ndi msuzi wa mafupa. Anayamba kumpoto kwa Vietnam, ku Nam Định ndi ku Hanoi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, dzikolo lili pansi pa France. Litagawidwa mu 1954, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasamukira kummwera, ndipo phở wa ku Saigon anasintha: msuzi wotsekemerako, mbale yaikulu, ndi masamba ambiri pambali. Wa ku Hanoi ndi wosachulutsa zinthu, anyezi wamasamba pamwamba, tsabola, ndimu kapena viniga wa adyo, basi. Mukalandira phở wopanda mulu wa masamba, musafulumire kuganiza kuti akuumirani. Mwina banjalo ndi lakumpoto.

Msuzi wabwino umaphikidwa chonchi. Mafupa a m'miyendo ndi a m'mfundo, nthawi zina ndi mchira, makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka pa malita asanu kapena asanu ndi limodzi a madzi. Amayamba kuwawiritsa mwamphamvu mphindi 5 mpaka 10, n'kutaya madzi oyambawo, n'kutsuka mafupa ndi mphika womwe. Madzi oyamba ndiwo amatenga magazi ndi thovu lakuda. Kenako mafupa amabwerera m'madzi atsopano pamoto wochepa kwambiri, woti madzi azingophethira osabwadamuka, kwa maola 6 mpaka 10, wophika akuwengula thovu ndi mafuta. Anyezi ndi jinja amaziwotcha pamoto mpaka khungu lide, n'kuzipala, n'kuziponya mumphika. Zonunkhiritsa, zomwe ndi star anise, sinamoni, cloves, cardamom wakuda ndi njere za coriander, amazikazinga zouma m'chiwaya n'kuziika m'kathumba chakumapeto, ola limodzi kapena awiri okha. Pomaliza mchere, shuga pang'ono ndi sosi wa nsomba.

Mukadziwa zimenezi, supuni yoyamba imakuuzani zonse. Msuzi uyenera kukhala woyera moti ma noodles akuoneka pansi, wofiirira pang'ono, ndi timadontho ta mafuta pamwamba. Ukakhala wa mbuu, ndiye kuti moto unachuluka kapena madzi oyamba sanatayidwe. Ukamawawa kukhosi kapena kununkha ngati mankhwala, zonunkhiritsa zinakhalitsa mumphika. Ukakhala wamchere koma wopepuka mkamwa, wosasiya kunanda pamilomo, mafupa anachepa ndipo ntchito yagwiridwa ndi timakyubu. Ukamveka wowawasa musanafinyiremo ndimu, umenewo musadye, wasasa. Izi zimachitika magetsi akathima nthawi yaitali mphika waukulu n'kuzizira pang'onopang'ono kunja kwa firiji, ndipo mu October, kukatentha, n'zosavuta kuchitika. Za MSG, kaufa koyera kokometsa chakudya, musade nazo nkhawa kwambiri. Ophika ambiri a ku Vietnam amathira pang'ono, ndipo ndi yemweyo ali mu Aromat wa m'makhitchini athu. Vuto limakhala pamene walowa m'malo mwa mafupa.

Poitanitsa mudzaona mawu aafupi pambuyo pa dzina la phở, ndipo amenewo akunena nyama. Tái ndi nyama yaiwisi yodula ngati pepala, imene imapsa ndi kutentha kwa msuzi mumbale momwemo. Chín ndi chidale chophika mpaka kufewa. Nạm ndi ya m'nthiti cha kumimba, gầu ndi chidale chonona, gân ndi mitsempha yophika mpaka kuterera, sách ndi chifu chodula ngati timizere, bò viên ndi timipira ta nyama yopera tolimba potafuna. Phở gà ndi wa nkhuku, msuzi wake wopepuka, wabwino kwa ana ndi odwala. Woyamba kumene atenge tái ndi chín pamodzi. Okonda zam'kati, ife a mang'ina ndi nthumbwana, gân ndi sách sizidzakhala zachilendo.

Pa tái pali mfundo ya kuno kwathu imene anthu saiganizira. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri 95, osafika 100. Msuzi umachoka pamoto uli wochepa kale mphamvu. Onjezani mbale yozizira, ma noodles otsukidwa m'madzi ozizira, ndi tebulo lapakhonde mu June kapena July, nyama ija imangotuwa pamwamba mkati ili yofiira. Khitchini yodziwa ntchito imatenthetsa mbale ndi madzi otentha, imaviika ma noodles m'madzi owira masekondi 10 mpaka 20, n'kuthira msuzi ukuwira. Mbali yanu ndi iyi: mbale ikangofika, kankhirani nyama yofiirayo pansi pa msuzi musanachite china chilichonse. Musayambe ndi kujambula zithunzi. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika aitanitse chín, kapena apemphe kuti tái aphikidwe kukhitchini.

Nyama ili pansi, lawani msuzi supuni ziwiri kapena zitatu usanathiridwe kanthu. Mukatero mudziwa chimene chikusowa. Finyirani ndimu pang'ono, theka la chidutswa chimene mwapatsidwa, n'kulawanso. Masamba a basil athotholeni kumtengo wake, muwang'ambe ndi zala, muthire ochepa ochepa pamene mukudya, chifukwa akakhalitsa m'msuzi wotentha amada n'kutaya fungo. Mphukira za mphodza, zoyera zija, muziike pansi pa ma noodles kuti zifote pang'ono, koma dzanja limodzi lokha. Zikachuluka zimaziziritsa mbale yonse. Tsabola wodula yambani ndi tizidutswa tiwiri. Ndi waung'ono koma amaposa kambuzi wina, ndipo ukali wake umakwera pamene akukhalitsa m'msuzi. Mabotolo awiri a patebulo, wakuda wotsekemera wotchedwa hoisin ndi wofiira wa tsabola, malo ake abwino ndi kambale kapambali. Muzitapa nyama n'kususa mmenemo. Mukawathira mumbale, msuzi wonse umasanduka wa shuga, ndipo mayi amene anadzuka usiku kuwengula thovu amaona.

Timitengo todyera tigwireni kudzanja lamanja, supuni kumanzere. Tapani ma noodles ochepa, muwaike pasupuni ndi kanyama ndi msuzi, n'kudya. Kapena weramirani mbale n'kuwakoka ndi pakamwa, palibe amene adzakudabweni. Amene sanazolowere apemphe foloko, si chamanyazi. Chachikulu ndi liwiro. Ma noodles a mpunga amamwa msuzi, ndipo pakatha mphindi 15 amatupa n'kuyamba kuduka okha. Nkhani zazitali zidikire khofi.

Tsopano sosi wa nsomba, nước mắm, amene ali m'chakudya chilichonse ndipo fungo lake limathawitsa anthu. Amapangidwa ndi tinsomba ta m'nyanja yamchere, tofanana kukula ndi usipa kapena kapenta, tosanjikizidwa ndi mchere, magawo atatu a nsomba pa gawo limodzi la mchere, m'migolo yamatabwa kwa miyezi 9 mpaka chaka kapena kupitirira. Otchuka amachokera ku chilumba cha Phú Quốc ndi ku Phan Thiết. Pabotolo pamalembedwa nambala monga 30°N kapena 40°N, ndipo nambala ikakwera sosiyo ndi wokoma kwambiri. Musamununkhize m'botolo n'kugamula mlandu. Patebulo amabwera atasungunulidwa kukhala nước chấm: masupuni awiri a sosi, awiri a shuga, awiri a madzi a ndimu, asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu a madzi, ndi adyo ndi tsabola zodula bwinobwino zikuyandama pamwamba. Banja lililonse lili ndi muyeso wake, akummwera amatsekemeretsa, koma wabwino ndi amene mchere, shuga ndi kuwawasa palibe chopambana chinzake.

Sosi ameneyu ndiye amamaliza zakudya zambiri zotsalazi. Chả giò, amene akumpoto amati nem rán, ndi timipukutu tokazinga mumafuta. Kadyedwe kake nkotenga tsamba la letesi, kuikapo kampukutu, minti ndi coriander, kukulunga, n'kususa. Letesi ndi amene amadula mafuta. Timipukutu tokulungidwa ndi pepala la mpunga timatuluka ndi khungu la matuza, lokhirichika. Tikakhala tosalala ngati ta ku malesitilanti a Chitchaina, agwiritsa ntchito pepala la tirigu, losavuta kupeza kuno. Tikafika tolefuka, tonyowa mafuta, mafutawo anali asanatenthe mokwanira. Gỏi cuốn ndi timipukutu tosakazinga: pepala la mpunga lonyowetsedwa, mkati muli ma prawns, nyama ya nkhumba yowiritsa, ma noodles opyapyala ndi masamba, ndipo kawirikawiri amasusira sosi wa mtedza. Timeneti tiyenera kukulungidwa mutaitanitsa. Pepala likakhala lolimba m'mphepete, lovuta kuluma, ndiye kuti tinagona m'firiji. Likang'ambika musanaligwire, linaviikidwa m'madzi nthawi yaitali, poti masekondi awiri kapena atatu amakwana.

M'miyezi yotentha, September mpaka November, mbale ya bún yopanda msuzi imaposa phở. Pansi pali masamba ndi nkhaka, pakati ma noodles oyera ozungulira, osatentha, pamwamba nyama yowotcha pamakala yonunkhira udzu wa mandimu uja ena timathira mu tiyi, karoti wowawasa ndi mtedza wosinja. Apa nước chấm yense amathiridwa mumbale, n'kusakaniza kuchokera pansi. Amene amadya kuchokera pamwamba osasakaniza amamaliza nyama n'kutsala ndi ma noodles opanda kukoma. Bún chả wa ku Hanoi amayenda mosiyana: nyama imabwera ili m'kambale ka sosi wofunda, inu n'kumaviikamo ma noodles pang'onopang'ono. Amene sakhuta popanda chakudya cholimba atenge cơm tấm, mpunga wosweka wa ku Saigon wokhala ndi nyama yowotcha ndi dzira, kapena cá kho tộ, nsomba yophikidwa m'kamphika kadothi ndi shuga wopsereza ndi sosi wa nsomba. Imeneyi ndi yamchere mwadala, ndipo imadyedwa pang'ono ndi mpunga wambiri. Bánh xèo ndi chitumbuwa chachikulu chopyapyala, chachikasu chifukwa cha turmeric osati mazira, ndipo chimafuna kudyedwa nthawi yomweyo chisanalefuke. Bánh mì ndi buledi wautali amene anabwera ndi Afalansa, woikamo nyama, karoti wowawasa, nkhaka ndi tsabola, wabwino pa nkhomaliro yofulumira.

Nkhani ya nkhumba ndiyenera kuinena mosabisa, chifukwa pakati pa ife a Chichewa mu Harare muno Asilamu ndi ambiri, a Seventh Day nawonso alipo, ndipo nkhumba ndiyo nyama yaikulu ya ku Vietnam. Imabisala malo amene dzina silinena. Mkati mwa chả giò muli nkhumba yopera. Chopaka cha mu bánh mì ndi chiwindi cha nkhumba. Bún bò Huế, ngakhale amatchedwa wa ng'ombe, amaphikidwa ndi mwendo wa nkhumba, nthawi zambiri ndi magazi oundana, ndiponso phala la tima prawns tofufumitsa. Msuzi wa hủ tiếu, mbale ina ya ma noodles, ndi wa mafupa a nkhumba. Funso loti "muli nkhumba?" silikwanira, chifukwa woperekera angaganize za nyama yooneka pamwamba yokha. Funsani zinthu zitatu padera: msuzi waphikidwa ndi mafupa anji, mkati mwa timipukutu muli chiyani, ndipo mafuta okazingira ndi amodzi kapena ayi. Wofuna nyama yochinjidwa mwa Chisilamu afunsenso kumene amagula ng'ombe ndi nkhuku. Ubwino wa malo a banja ndi woti amene akuyankhayo ndi yemwe waphika, kapena mwana wake. Osadya nyama konse atchule chay, chakudya cha Abuda chopanda nyama, nsomba ngakhale sosi wa nsomba. Amene mtedza kapena ma prawns zimawadwalitsa anene poitanitsa, chifukwa mtedza amawaza pamwamba pa zinthu zambiri osalemba pamenyu.

Masamba aawisi ndi madzi oundana zimadalira madzi amene nyumbayo ikugwiritsa ntchito. Mzinda uno unaona kolera mu 2008, mu 2018 ndi mu 2023, choncho kufunsa kuti masamba amatsukira madzi anji si mwano. Yang'anani masambawo: akhale owuma madzi, osafota, opanda dothi kumapesi. Mphukira za mphodza zikhale zoyera, zothyoka ndi phokoso. Zikayamba kuterera kapena kufiira kumizu, zisiyeni. Mungapemphenso kuti aziviike m'madzi owira, ku Vietnam komweko anthu ambiri amatero.

Za ulemu patebulo n'zochepa, ndipo zambiri tikuzidziwa kale. Wamkulu ndiye amayamba kudya, ndipo wamng'ono amaitanira akuluakulu asanatape. Cholandira kapena chopereka kwa wamkulu chimagwiridwa ndi manja awiri. Chimodzi chokha n'chachilendo kwa ife: musazike timitengo chilili mumpunga, chifukwa zimafanana ndi lubani wofukizira omwalira. Tigonekeni pamwamba pa mbale kapena pambali. Eni malo muwatchule mayi ndi bambo monga mwa nthawi zonse.

Mukapita gulu, monga timachitira Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, nenani dzulo lake kuti mudzakhala angati. Anthu khumi oitanitsa zakudya khumi zosiyana amaimitsa khitchini ya anthu awiri, ndipo woyamba amamaliza womaliza asanalandire. Sankhani mitundu itatu kapena inayi. Kwa anthu anayi, mbale imodzi ya chả giò ndi imodzi ya gỏi cuốn zogawana, kenako aliyense mbale yake ya phở kapena bún, zimakwana. Phở sagawana bwino, amazizira pomutsanula, koma mwana mungamupemphere kambale kopanda kanthu.

Khofi musamudumphe. Vietnam ndi dziko lachiwiri pa kulima khofi pambuyo pa Brazil, ndipo wambiri ndi wa mtundu wa robusta wolimidwa kumapiri a ku Đắk Lắk, wowawa ndi wamphamvu kuposa arabica wa ku Mzuzu kapena ku Chipinge. Amabwera m'kasefa kachitsulo kotchedwa phin, kokhala pamwamba pa tambula imene pansi pake pali masupuni awiri a mkaka wa kondensedi. Amadontha mphindi 4 kapena 5. Akatha m'mphindi imodzi, khofiyo anaperedwa mokhakhala kapena sanatsinderedwe, ndipo amakhala wamadzi. Akakana kudontha, anatsinderedwa kwambiri, ndiye masulani pang'ono kachitsulo ka mkati. Muitanitseni pamene mwatsala pang'ono kumaliza kudya, mutakase mpaka mkaka wonse usungunuke, kenako mutsanulire pa madzi oundana ngati mukufuna wozizira, cà phê sữa đá. Amene tulo timawavuta asamwe madzulo, ndipo odwala shuga apemphe wakuda wopanda mkaka.

Polipira, funsani poyamba penipeni ngati amalandira EcoCash, khadi kapena ZiG, chifukwa malo aang'ono ena amafuna madola a m'manja, ndipo chenji ndi vuto la tauni yonse. Nyamulani timapepala ta $1 ndi $5 tosang'ambika. M'malo ambiri a mabanja a ku Vietnam bilu sabweretsa patebulo mpaka mutaipempha, mwinanso mumakalipira pakauntala, ndiye musakhale n'kumadikira.

Wotengera phở kunyumba apemphe kuti msuzi, ma noodles, nyama yaiwisi ndi masamba aziike padera padera. Zikaikidwa pamodzi, pofika ku Dzivarasekwa ma noodles amakhala atamwa msuzi wonse. Kunyumba wiritsani msuzi mpaka ubwadamuke, viikani ma noodles m'madzi otentha masekondi 20 kuti amasukane, muwaike m'mbale yotenthetsa, yalani nyama pamwamba, n'kuthira msuziwo ukuwira. Nyama yaiwisi isakhale panjira kupitirira ola limodzi kukatentha. Msuzi wotsala umasungika m'firiji masiku atatu, ndipo ngati magetsi anathima usiku wonse, uwiritseninso m'mawa musanaubwezeremo. Gỏi cuốn yekha musamusunge, mudyeni tsiku lomwelo.